NJINGA YAMOTO YA PA TARA NDI YA M'THENGO: KODI YAMPHAMVU NDI ITI?

Masiku ano njinga zamoto zachuluka ndithu m'midzi mwathu. Anyamata a kabaza amanyamulirapo anthu ndi katundu, ndipo alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amayenderanso zomwezi pa nchito yao. Anyamatawa akakhala pa siteji kudikira okwera, kawirikawiri amatsutsana za njinga zikuluzikulu zimene alendo amadutsa nazo pa mseu. Wina amati yamphamvu ndi yaifupi ija yolira ngati njuchi, wina amati iai, koma yaitali ija ya mabokosi m'mbali. Mwezi uno tifuna kufotokoza nkhani imeneyi bwinobwino, pakuti munthu wosadziwa tanthauzo la mphamvu ya njinga angathe kutaya ndalama zake, ngakhale moyo wake umene.

MITUNDU IWIRI YA NJINGA

Mtundu woyamba ndiwo njinga za pa tara. Zimenezi zimakhala zazifupi ndi zopepuka, magudumu ake ndi aang'ono, ndipo matayala ake ndi osalala ndi otambalala kuti azigwira phula bwino.

Mtundu wachiwiri ndiwo njinga za maulendo, zimene anazipangira kuyenda pa tara ndi m'thengo momwe. Zimenezi ndi zazitali, gudumu lakutsogolo ndi lalikulu, masipuling'i ake ndi aatali, ndipo thanki yake imalowa petulo wambiri. Mtunduwu unatchuka m'chaka cha 1980 pamene kampani ya BMW ya ku Jeremani inatulutsa njinga yotchedwa R 80 G/S. Malembo awiri akumapetowo m'Chijeremani atanthauza thengo ndi mseu. Chaka chotsatira, 1981, Hubert Auriol anapambana pa njinga ya BMW mpikisano wochokera ku Paris kukafika ku Dakar, kudutsa m'chipululu cha Sahara.

KODI MPHAMVU NCHIANI?

Opanga njinga amalemba manambala awiri, ndipo tiyenera kuwasiyanitsa.

Nambala yoyamba ndiyo mphamvu yopotokola, ndiye kuti kukula kwa mphamvu imene injini imatembenuzira gudumu, monga momwe makaniko amakanikizira sipanala pomasula nati. Amaiyesa ndi muyeso wolembedwa Nm.

Nambala yachiwiri ndiyo mphamvu ya akavalo. Dzinali linachokera kwa James Watt wa ku Scotland, amene anamwalira m'chaka cha 1819. Iye pofuna kugulitsa makina ake oyendera nthunzi ankawalinganiza ndi akavalo. Kavalo mmodzi ndi mphamvu yokweza makilogalamu ngati 75, ndiye thumba limodzi ndi theka la chimanga, mita imodzi m'mwamba pa sekondi imodzi.

Tiyeni tiyerekeze ndi amai awiri osinja. Mmodzi ali ndi musi wolemera ndipo amasinja mosafulumira, koma akamenya kamodzi mtondo umanjenjemera. Mnzake ali ndi musi wopepukirapo koma amamenya mofulumira kwambiri. Kulemera kwa kumenya kumodzi ndiko mphamvu yopotokola. Mphale imene yatuluka pakutha pa mphindi imodzi ndiyo mphamvu ya akavalo. Chotero injini ingathe kukhala ndi akavalo ambiri chifukwa chozungulira mofulumira, ngakhale kumenya kwake kumodzi nkochepa.

Chitsanzo nachi. M'chaka cha 2019 BMW inkagulitsa njinga ya maulendo ya R 1250 GS ndi ya liwiro ya S 1000 RR. Ya maulendoyo inali ndi akavalo 136 ndi mphamvu yopotokola 143 Nm. Ya liwiroyo inali ndi akavalo oposa 200, koma mphamvu yopotokola inali 113 Nm yokha. Akavalo ake onsewo amatuluka injini ikazungulira koposa ka 13,000 pa mphindi, pamene ya maulendo imapereka ake onse isanafike ka 8,000. Ya liwiro ndiye mai wa musi wopepuka uja, ya maulendo ndiye wa musi wolemera.

KUNYAMUKA NDI KUTOLA LIWIRO

Tsono zonse ziwiri zikanyamukira pamodzi pa tara, chimachitika nchiani? Poyamba kusiyana kwake nkochepa. Zonse zimafika liwiro la makilomita 100 pa ora masekondi anai asanakwane. Chifukwa chake nchakuti njinga ya akavalo 200 singathe kuwagwiritsa nchito onse ponyamuka. Woyendetsa akakoka moto wonse, gudumu lakutsogolo limadzuka m'mwamba ndipo njinga ingamgwetse chagada. Koma liwiro likakwera, ya pa tara imamsiya mnzake kutali. Imafika pafupi makilomita 300 pa ora, pamene ya maulendo imathera pa makilomita 200 ndi ena pang'ono. Njinga yaitali, yokhala ndi munthu wokhala chilili ndi mabokosi m'mbali, imalimbana ndi mphepo yambiri, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mphepo yotchinga imawirikiza kanai.

Chitsanzo chachiwiri nchophunzitsa koposa, pakuti njinga zake ziri ndi injini imodzimodzi. Kampani ya Yamaha ya ku Japan inatulutsa njinga ya pa tara ya MT-07 m'chaka cha 2014, ndipo m'chaka cha 2019 inaika injini yomweyo, ya 689 cc ndi akavalo oposa 70 pang'ono, m'njinga ya maulendo ya Ténéré 700. Dzinalo ndi la chipululu cha m'dziko la Niger. Onani kusiyana kwake monga zinaliri potuluka. Ya maulendo inkalemera makilogalamu ngati 20 kuposa inzake. Gudumu lake lakutsogolo ndi la mainchi 21, pamene la inzake ndi la mainchi 17. Mimba yake yatalikira nthaka mamilimita 240, ya inzake 140. Thanki yake imalowa malita 16, ya inzake 14.

Pa tara MT-07 ndiyo imatola liwiro msanga, pakuti akavalo omwewo akukoka katundu wochepa. Ngolo yopanda kanthu ndi ngolo yodzaza manyowa siziyenda mofanana ngakhale ng'ombe ziri zomwezo.

NANGA TARA IKATHA?

Apa ndipo pagona nkhani kwa ife a kumidzi. Mphamvu yonse ya injini imafika pansi kupyolera pa kachigawo ka tayala kosaposa chikhatho cha dzanja. Pa tara youma tayala losalala limagwira zolimba. Koma pa pfumbi, pa mchenga ndi pa matope a m'dzinja, tayala lomwelo limangozungulira pamodzimodzi. Akavalo ochuluka amasanduka bvuto, pakuti kukoka moto pang'ono pokha kumataya gudumu lakumbuyo kumbali.

Njinga ya maulendo anaikonzera malo otere. Ikabvekedwa matayala a mano onga a thirakitala imaluma nthaka. Gudumu lalikulu limakwera miyala ndi kudutsa maenje mosabvuta. Masipuling'i aatali amasunga tayala pansi pamene mseu uli wa mabampu, ndipo tayala likakhala m'mwamba silingakoke kanthu. Magiya ake oyamba amalola kuyenda pang'onopang'ono pa chitunda injini osazima. Chotero njinga imene inatsala pa tara ndiyo imafika poyamba pa mudzi wa kutsidya la dambo.

PHUNZIRO KWA IFE

Tidziwa kuti ambiri a inu simudzagula njinga zazikuluzi. Njinga za kabaza zambiri ndi za 100 cc kufikira 150 cc, za akavalo ngati 8 kufikira 12. Koma malamulo a mphamvu ndi amodzimodzi, ndipo tikupemphani kusunga mau awa.

Choyamba, pogula njinga yambani mwaganizira mseu wa kwanu. Ngati ndi wa pfumbi ndi matope, yang'anani matayala, kutalika kwa njinga kuchokera pansi, kulimba kwa masipuling'i, ndiponso ngati zipangizo zake zimapezeka pafupi. Nambala ya liwiro ibwere pambuyo.

Chachiwiri, katundu amadya mphamvu. Njinga yaing'ono ikanyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga, kulemera kwake konse kumaposa kawiri kulemera kwa njinga yokha. Imachedwa kutola liwiro, ndipo mnyamata amene anazolowera kupitirira lole ali yekha adzapeza kuti lero njinga ikukana, galimoto ina irinkudza kutsogolo. Musapitirire galimoto mutalemedwa pokhapokha mukuona patali.

Chachitatu, kutola liwiro nkwapafupi koma kuima nkobvuta. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira mutagwira buleki umawirikiza kanai, ndipo pa pfumbi umatalika koposa. Mwana kapena mbuzi ikatulukira pa mseu sipakhala nthawi yoganiza.

Chachinai, tcheni chouma ndi matayala opanda mpweya wokwanira zimaba mphamvu ya injini ndi kutha petulo. Thirani oilo pa tcheni ndi kuyesa mpweya kawirikawiri.

Potsiriza, bvalani chipewa cholimba chija nthawi zonse, inu ndi wokwera wanu yemwe, ndipo mangani lamba wake.

Tsono anyamata a pa siteji aja onse awiri ananena zoona. Pa tara yamphamvu ndi yaifupi, m'thengo yamphamvu ndi yaitali. Njinga yabwino kwa inu ndi imene ingakufikitseni kwanu m'mwezi wa February mvula irinkugwa. Makolo athu anati kuthamanga sikufika. Amene mwawerenga nkhaniyi muwafotokozereko anzanu osadziwa kuwerenga.