Ulendo wa ku Comrades umayambira pa pasipoti

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yokonza maulendo a ochita masewero, amaganiza kuti ndimangogula matikiti a ndege. Tikiti timagula pomaliza. Ntchito yeniyeni ndi kuwerenga chobwerera m'mbuyo. Timayambira pa ola limene mpikisano udzayambe, kenaka timafunsa kuti munthuyu adzagona kuti usiku womaliza, adzafika liti, adzadutsa zipata ziti, ndipo mapepala ake akhale atakonzeka mwezi uti. Lero ndifotokoze zimenezi potengera Comrades Marathon ya ku South Africa, chifukwa ndi mpikisano umene ndimafunsidwa kwambiri ndi othamanga komanso abale awo ofuna kukachemerera.

Comrades idayamba mu 1921. Adaiyambitsa ndi Vic Clapham, msilikali wa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pofuna kukumbukira anzake amene adafera kunkhondoko. Anthu amathamanga mtunda wa makilomita pafupifupi 90 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, ndipo aliyense ali ndi maola 12 basi. Alendo sangopita kukadzaza chiwerengero ayi: Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe adapambana zaka zitatu zotsatizana, 2009, 2010 ndi 2011.

Funso loyamba limene ndimafunsa munthu si la ndalama. Ndimafunsa kuti, chaka chino ndi chokwera kapena chotsika? Kawirikawiri amasinthanasinthana: chaka china amayambira ku Durban, kunyanja, n'kukwera mpaka ku Pietermaritzburg, chaka china amatsika. Yankho lake ndi limene limatiuza kogona. Chikakhala chotsika, amene wagona ku Durban ayenera kudzuka pakati pa usiku kuti akakwere basi yopita koyambira, chifukwa mfuti imalira kusanache bwino. Malo ogona ku Pietermaritzburg ndi ochepa ndipo amadzadza miyezi ikadalipo. Chikakhala chokwera, kudzuka sikuvuta, vuto limabwera madzulo: mwamaliza miyendo ili gwa, kwada, kwazizira, bedi lanu lili mumzinda wina. Mabasi a tsikulo amakonzedwa ndipo tikiti yake imagulidwiratu. Musadzayembekeze kuti mudzapeza matola m'mawa womwewo.

Tsopano mapepala, ndipo pano ndichedwapo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera.

Mmalawi safunika viza kuti akacheze ku South Africa masiku osapitirira 30. Mukadindidwa pachipata, musangotseka pasipoti n'kuthamangira basi. Werengani tsiku limene mwalemberedwa, chifukwa ofisala akhoza kukupatsani masiku ochepa kuposa amene mumaganiza. Chiyambire 2014, wopitiriza masiku samangolipira chindapusa n'kuiwalika. Amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dzikomo: chaka chimodzi ngati wapitiriza masiku osakwana 30, zaka zisanu ngati wapitiriza kuposa apo. Zimandipweteka ndikaona mnyamata waluso akutsekeredwa khomo la mipikisano yonse ya kumeneko chifukwa choti adatsalira sabata imodzi kwa msuweni wake ku Johannesburg. Pasipoti ikhale yoti idzagwirabe ntchito masiku osachepera 30 mutachoka m'dzikolo, ngakhale ine sindilola munthu kunyamuka ndi yotsala miyezi yosakwana isanu ndi umodzi. Masamba opanda chidindo akhalemo okwanira. Woyenda pabasi amadinditsa ku Mwanza ndi ku Zobue, ku Cuchamano ndi ku Nyamapanda, kenaka mbali zonse ziwiri za Beitbridge. Zidindo zisanu ndi chimodzi popita, zisanu ndi chimodzi pobwera.

Dzina likhale limodzi paliponse, chilembo ndi chilembo: papasipoti, patikiti ndi pafomu yolembetsera mpikisano. Kwathu kuno munthu amakhala ndi dzina la kumudzi, la kusukulu ndi la kumpingo, ndipo mnzake womugulira tikiti amalemba lomwe amamuitanira. Ndidaonapo mayi wina ataima pakauntala pabwalo la ndege, nsapato zothamangira zili m'khosi atamanga zingwe, akulozera wogwira ntchito kuti chithunzicho ndi chake ndithu. Chithunzi chinali chake, koma patikiti panali dzina la kwa amuna awo pomwe pasipoti inali ndi la kwa bambo awo. Tikiti yatsopano adagula ndi ndalama zimene adasungira malo ogona.

Nyamulani umboni wa mpikisano umene mudapezera mwayi wolowa nawo, chifukwa Comrades salowa munthu asanamalize mtunda wa makilomita 42.2 kapena kuposa m'nthawi imene okonza aika chaka chimenecho. Nyamulaninso kalata ya bungwe loyendetsa masewero a liwiro m'dziko lanu, makamaka ngati mukuyembekeza mphoto. Za yellow fever: wochoka ku Malawi molunjika safunsidwa khadi lachikasu lija, koma amene wapeza tikiti yotchipa yodzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa n'kudikira pabwalo la ndege maola opitirira 12 akhoza kufunsidwa.

Kufika mochedwa ndi mdani wachiwiri. Mpikisano umachitika Lamulungu, m'mwezi wa June, koma nambala ya pachifuwa mumakatenga nokha, ndi pasipoti m'manja, m'masiku otsogolera, ndipo pofika Loweruka madzulo amakhala atatseka. M'mawa wa mpikisano sapereka nambala. Kuchoka ku Lilongwe kapena ku Chileka, ndege imatenga maola awiri ndi mphindi zingapo kukatera pabwalo la OR Tambo ku Johannesburg, kenaka ina ya ola limodzi kukafika ku King Shaka, bwalo lomwe lili makilomita oposa 30 kumpoto kwa Durban. Wapandege afike Lachinayi. Wapabasi ndimamuuza kuti afike Lachiwiri kapena Lachitatu, pakuti mzere wa ku Beitbridge sudziwika kuti utha liti, ndipo akafika ku Johannesburg kwatsalabe makilomita pafupifupi 570. Kukhala pampando masiku awiri kumatupitsa mapazi. Thupi limene mwalikonza miyezi isanu ndi umodzi lifunika masiku ake kuti libwerere m'chimake. Mwayi wake, nthawi ya ku South Africa ndi ya ku Malawi ndi imodzi, tulo sitisokonekera.

Nsapato zothamangira, malaya a mpikisano ndi mankhwala zikhale m'chikwama cha m'manja. Sutikesi ikasochera, zina zonse mugula, koma nsapato yatsopano pa makilomita 90 ndi matuza okhaokha.

Ndalama zakunja n'zovuta kupeza kwathu, tonse tikudziwa, ndiye pitani kubanki msanga, tikiti ndi pasipoti zili m'manja, ndipo funsani ngati khadi lanu lidzagwire ntchito kunja. Pa ATM musalole mlendo aliyense kukuthandizani, ngakhale aoneke waulemu chotani. Inshuwalansi ya paulendo musaione ngati yotaya ndalama. Zipatala zoyima pazokha kumeneko zimafuna malipiro kapena umboni wa inshuwalansi musanagonekedwe, ndipo si inshuwalansi iliyonse imene imalipira munthu wovulala pa mpikisano. Funsani mwachindunji, akuyankheni polemba. Safunsa adadya phula.

Za mankhwala ndilankhula mosapsatira. Mankhwala ambiri a chimfine ogula popanda kalata ya dokotala ali ndi pseudoephedrine, amene bungwe la WADA, loona za mankhwala oletsedwa m'masewero, limaletsa pa mpikisano akapitirira mlingo. Opha ululu a mtundu wa ibuprofen, mukawamwa thupi litauma madzi pamtunda wautali chonchi, akhoza kuwononga impso. Mukadwala chimfine chokhala ndi kutentha thupi sabata ya mpikisano, musathamange, mtima ndi umene umakhala pangozi. Ndipo mukatentha thupi muli ku Durban, uzani dokotala msangamsanga kuti mwachokera kudziko la malungo, chifukwa iye sangayambe waganizira zimenezo.

Chakudya sichivuta. Ufa woyera uli m'sitolo iliyonse, nsima amaitcha pap. Pezani malo ogona okhala ndi khitchini muziphika zimene mimba yanu idazolowera. Panjira amagawa madzi a m'timapepala, nthochi, malalanje ndi mbatatesi yophika yothira mchere. Mapulagi athu a mano afulati salowa m'masoketi a kumeneko, omwe ali ndi mabowo ozungulira, ndiye gulani adaputala. Polembetsa SIM khadi amafuna pasipoti.

June ndi nyengo yozizira. Ku Durban masana kumafunda, koma ku Pietermaritzburg m'bandakucha chisanu chimalowa m'mafupa, ndipo mumaima pamzere nthawi yaitali musananyamuke. Valani juzi yakale pamwamba, yoti mudzaivule panjira osadandaula.

Inu abale ochemerera, tsikulo misewu yambiri imatsekedwa ndipo magalimoto amathithikana. Simungamuone m'bale wanu paliponse. Sankhani malo amodzi kapena awiri, monga kufupi ndi Drummond pomwe ndi pakatikati, mugwirizane mbali ya msewu imene mudzaime ndi mtundu wa chitenje chimene mudzakweze m'mwamba. Mapiri asanu otchuka a panjirayi, Cowies Hill, Fields Hill, Botha's Hill, Inchanga ndi Polly Shortts, amasokoneza nthawi imene munthu adawerengera, choncho akachedwa musayambe kulira. Gwirizananinso pokumanira akamaliza, chifukwa pakhamu la anthu masauzande foni imakanika kugwira. Nambala yangozi pafoni ya m'manja ndi 112, ya apolisi ndi 10111.

Tsiku lobwerera lisakhale Lolemba m'mawa. Munthu wothamanga Comrades amatsika masitepe chafutambuyo, sangapirire mpando wa basi. Mupatseni masiku awiri, bola akhale m'kati mwa masiku amene adadindiridwa.

Ngati mukulingalira zopita ku Comrades ikubwerayi, tsegulani pasipoti yanu usiku uno, muone tsiku lothera ntchito ndipo muwerenge masamba otsala. Ikakhala yofunika kusintha, pitani mukayambe ndondomekoyo sabata ino, musanalipire china chilichonse.