Kuchotsa Penti pa Chovala

Anthu ambiri akaona penti atagwera pa malaya kapena pa chitenje amathamangira sopo, madzi otentha ndi Jik poganiza kuti penti ndi litsiro wamba, pamene wodziwa ntchito yochapa amayamba wafunsa mtundu wa pentiyo. Penti amapangidwa ndi zinthu zitatu zikuluzikulu, zomwe ndi ufa wopereka mtundu, chomatira chogwiriza ufawo pakhoma, ndiponso madzi kapena mafuta osungunulira chomatiracho kuti penti apakike. Chimene chimakanirira mu ulusi wa nsalu ndi chomatiracho, choncho ntchito yonse yagona pa kuchichotsa chisanalimbe. Mtundu wa penti umadziwika powerenga pachitini, chifukwa chimene alemba kuti n'chotsukira burashi ndicho chimachotsanso pentiyo pansalu.

Penti wamadzi, amene amisiri amati PVA, ndi tizidutswa ta pulasitiki tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, ndipo madziwo akauma, zomwe zimachitika pa ola limodzi kapena awiri, tizidutswato timalumikizana n'kukhala kachikopa kosasungunukanso ndi madzi. Akadali wauwisi, penti ameneyu amapalidwa ndi supuni, kenaka chovalacho amachitembenuza n'kuthira madzi ozizira kuchokera kuseri kwa banga kuti penti atulukire komwe analowera, ndipo sopo amabwera pambuyo. Akauma amafewa ndi spiriti, yemwe ndi mowa wa m'mafakitale wosayenera kumwa, ndipo akafewa amakwechedwa pang'onopang'ono ndi mswachi wakale.

Nkhani imakula ikafika pa penti wamafuta, wonyezimira uja wa pazitseko ndi pamawindo. Iyeyu sauma chifukwa cha kuuluka kwa mafuta kokha, koma chomatira chake chimagwirizana ndi mpweya wa okosijeni n'kulukana kukhala chinthu chatsopano cholimba, moti pakapita masiku angapo ngakhale mankhwala amene akanamusungunula tsiku loyamba amalephera. Madzi sasakanikirana naye, choncho kumunyika m'beseni n'kungotaya nthawi yofunika. Chofunika ndi turpentine kapena parafini. Chovala amachiyala chozondotsa pa sanza yoyera yopindapinda, n'kumadinda kuseri kwa banga ndi kansalu konyowetsedwa m'mankhwalawo, kuyambira m'mphepete kulowera pakati, uku akusuntha sanza ya pansiyo nthawi iliyonse ikayamwa mtundu. Kufikisa ndi mphamvu kumangokulitsa banga ndi kukankhira ufa mkati mwa ulusi. Mtundu ukasiya kutuluka, amapaka sopo wotsukira mbale kuti achotse mafuta otsala, n'kuchapa ndi manja ndi kuyanika panja.

Nsalu nayo ili ndi malire ake. Thonje limapirira mankhwala ambiri, koma acetone, yemwe amapezeka m'mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, amasungunula nsalu ya acetate imene kawirikawiri imakhala mkati mwa majekete, n'kusiya chiboo. N'chifukwa chake mankhwala aliwonse amayamba ayesedwa pamsoko wobisika. Jik sasungunula chomatira, amangosuwitsa mtundu wa nsalu ndi kudya ulusi wa ubweya ndi wa silika, pamene madzi otentha ndi kusita zimakhwimitsa penti wotsala.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chochotsa penti ndi petulo. N'zoona kuti petulo amasungunula penti wamafuta, koma amatulutsa mpweya woyaka ngakhale kutazizira kufika madigiri 40 pansi pa ziro, pamene parafini amayamba kutero akafunda kufika madigiri pafupifupi 38. Mpweya wa petulo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, choncho umayenda chapansipansi mpaka kukafika pambaula kapena pakandulo ya m'chipinda china. Wochapa aliyense apewe petulo, agwirire ntchitoyi panja kutali ndi moto ndi ana, ndipo asasungire parafini kapena spiriti m'botolo la zakumwa.