Wansembe Ankayang'ananso Kachiŵiri

M'buku la Levitiko, mutu 13, timamva kuti munthu akatuluka banga pakhungu ankapita naye kwa wansembe. Wansembeyo akakayika sankafulumira kugamula mlandu. Ankampatula munthuyo masiku asanu ndi aŵiri, nkumuyang'ananso. Lero ntchito imeneyi ili m'manja mwa madokotala, koma kuyang'ana kachiŵiri kukadafunikabe, makamaka pa nthenda yotchedwa psoriasis.

Nthendayi si khate, ndipo siyopatsirana. Musamuthaŵe mnzanu pamkeka kapena m'tchalitchi. Gwero lake nlakuti chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka nkutembenukira khungu la mwiniwake. Khungu limene limadzikonzanso pa mwezi wathunthu limayamba kutero m'masiku oŵerengeka, ndipo pamabuka zigamba zokhuthala, zamamba, pazigongono, pamaondo ndi m'mutu. Nthenda ikakula, dokotala amapereka mankhwala ofooketsa chitetezocho, monga ciclosporin kapena methotrexate. Achiŵiriŵa amamwa kamodzi pa sabata, osati tsiku ndi tsiku.

Tsono chitetezo chomwecho ndiye mlonda amene amagwira khansa isanazike mizu, ndipo mlonda akaodzera mbala imapeza mpata. Pali khansa ina ya pakhungu, mycosis fungoides, imene dokotala Alibert wa ku Paris adaifotokoza mu 1806. Imayambira m'maselo oyera a magazi amene amakhala pakhungu, ndipo kwa zaka zambiri imatha kufanana ndi psoriasis ngati mapasa. Nchifukwa chake odwala ena amene timati mankhwala adaŵadwalitsa khansa, adali nayo kale mosadziŵika. Mankhwalawo adangoimasula chingwe.

Ndinene momveka: khansayi njosoŵa kwambiri, ndipo amene amataya mankhwala chifukwa cha mantha amadzilakwira yekha. Chofunika nkupenyetsetsa. Mukaona chigamba chimene sichimvera mankhwala, kapena chikusanduka chotupa kapena chilonda, kapena maŵanga atuluka kumene dzuŵa silifika, monga pamatako ndi m'ntchafu, kapenanso mwanabele sakuphwa, bwererani kuchipatala. Pakhungu lakuda maŵangawo nthaŵi zina amangoyererako, osafiira. Pemphani kuti adule kachikopa kakang'ono akakapime, ndipo musakhumudwe akakuitanani kaŵiri kapena katatu, pakuti poyamba nthendayi imabisala.

Inu akatekisti, poyendera odwala m'milaga yanu, mukatha kupemphera nawo muŵafunse tsiku limene dokotala adaŵauza kuti abwererenso.