Galimoto Yakale Ikoma Ndi Zipsera Zake

Anthu a kwa Nthache, m'boma la Mwanza, aona magalimoto amitundumitundu chifukwa msewu waukulu wochokera ku Tete, wodzera pa Zobue, uloŵera m'boma lawo polinga ku Blantyre. Pa msewu umenewu mpamene ankadzera machona pobwera kuchokera ku Salisbury ndi ku Johannesburg, ndipo lero mpamene padzera magalimoto ambiri ogulidwa kunja. Koma galimoto ikakalamba m'midzi muno mathero ake ngodziŵika: matayala ndi ekisulo zipita kukapanga ngolo, malata asanduka mbaula, ndipo zotsala azitenga ogula zitsulo. Imene yapulumuka, mwini wake afulumira kuipaka utoto watsopano kuti ioneke yaulemu. Tsono akatswiri a zinthu zakale anena kuti njira ziŵiri zonsezi ziononga chuma.

Mwa magalimoto onse akale, okondedwa kopambana ndi aja otsegula pamwamba, amene denga lake nlachinsalu chopinda kumbuyo. Akuluakulu a m'dziko muno akumbukira Dr. H. Kamuzu Banda akudutsa m'galimoto yotsegula, litchowa lili m'manja, anthu ali ndandanda m'mbali mwa msewu. Galimoto yotere imaonetsa wokwerayo kwa anthu, chotero ikakhalitsa imasunga mbiri yake pa mipando ndi pa zitseko.

Nkhani ziŵiri za kunja zionetsa mtengo wa galimoto yosakonzedwanso. M'chaka cha 2014, ku France, kunapezeka magalimoto akale pafupifupi 60 amene anasonkhanitsa munthu wina wamalonda, dzina lake Roger Baillon. Mwa iwo munali Ferrari 250 GT California Spider ya 1961, yotsegula pamwamba, itakwiririka ndi milu ya magazini. Ogulitsa sanaipake utoto, ndipo mu February 2015 inagulidwa ku Paris pa mtengo woposa mayuro 16 miliyoni. Kenaka mu August 2024, pa chionetsero chotchuka cha ku Pebble Beach, ku California, chimene chinayamba mu 1950, mphotho yaikulu inapita kwa Bugatti Type 59 ya 1934, imene kale inali ya Mfumu Leopold III ya ku Belgium. Aka kanali koyamba kuti galimoto yosakonzedwanso ipose anzake onyezimira. Utoto wake ngwakale, wokalikakalika, ndipo chikopa cha mipando nchong'aluka.

Nanga nchifukwa ninji anthu ataya ndalama zotere pa chinthu chooneka chofwifwa? Yankho lake nlakuti mmisiri angathe kukonzanso galimoto kaŵiri kapena katatu, koma palibe amene angabwezere utoto woyamba ukapalidwa. Utotowo, ulusi wosokera mipando, misomali, ndi nambala za pa injini zogwirizana ndi za pa thupi, ndizo mboni zosonyeza m'mene amisiri a nthaŵi imeneyo ankagwirira nchito. Chiwongolero chosalala ndi manja a mwini wake chinena zoona, pamene chatsopano sichinena kanthu. Maganizo ameneŵa anayambira pa nyumba zakale, nalembedwa m'pangano la ku Venice la 1964, ndipo bungwe la FIVA, loyang'anira magalimoto akale pa dziko lonse, linawatsata m'pangano lake la ku Turin limene linayamba kugwira nchito mu 2013.

Komatu kusakonzanso sikutanthauza kulekerera. Galimoto yotsegula pamwamba ionongeka msanga kuposa inzake, pakuti dzuŵa liwotcha chinsalu cha denga, mvula iloŵa nidzetsa dzimbiri pansi, ndipo makoswe amanga zisa m'mipando. Wofuna kuisunga ayenera kuiika m'nyumba youma yopita mphepo, kuikweza pa mitengo kuti matayala asaphwanyike, kuthira mafuta m'zitsulo zoyenda, ndi kusunga bwino makalata ake onse. Mabuleki ndi zina zoteteza moyo ziyenera kukonzedwa ndithu ngati galimotoyo iyenda pa msewu, koma chitsulo chakale chochotsedwacho chisatayidwe.

Palibe amene anganene kuti kwa Nthache kwabisala galimoto ya mamiliyoni, ndipo mlimi wosoŵa ngolo yotutira manachesi sangadzudzulidwe pochotsa ekisulo. Phunziro lake ligwera makamaka anchito a Boma ndi aphunzitsi, amene ali ndi zinthu zakale m'manja mwawo. M'maofesi ndi m'masukulu muli mabelu, matayipi, njinga, mabuku a kaundula ndi magalimoto ogona kuseri kwa nyumba. Zambiri mwa izi zigulitsidwa ngati zitsulo wamba, kapena zipakidwa utoto mlendo wolemekezeka akamabwera, popanda wolemba kumene zinachokera. Nyumba yosungira zinthu zakale ya pa Chichiri, ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1966, ili ndi makina akale amene ana asukulu amapita kukaona, ndipo alipo lero chifukwa wina anakana kuwaphwanya.

Mphunzitsi wa kwa Nthache angathe kutuma ophunzira ake kukafunsa agogo awo za galimoto yoyamba imene anaiona m'mudzimo, mwini wake, ndi kumene inathera, nalemba zonsezo m'buku la sukulu. Kalaliki naye, asanasaine kalata yotaya katundu wakale wa Boma, ayambe wadziŵitsa oyang'anira zinthu zakale, pakuti chitsulo chikaloŵa m'ng'anjo sichibwereranso.