Ngamira imene inaphunzitsa ana dzina la ndudu

Mu December 1991, magazini ya madokotala ya ku America yotchedwa JAMA inatulutsa kafukufuku amene anaimitsa mitu makolo ambiri. Dokotala Paul Fischer ndi anzake anapatsa ana 229 a zaka zapakati pa 3 ndi 6 makadi a zizindikiro za makampani kuti aziphatikiza ndi katundu wake. Mwa ana a zaka 6, oposa 90 pa 100 alionse anatenga chithunzi cha ngamira n'kuchiika pa ndudu. Ankaidziwa ngamirayo monga ankadziwira Mickey Mouse.

Dzina lake linali Joe Camel, katuni imene kampani ya R.J. Reynolds inayamba kutsatsira fodya wa Camel m'dzikolo mu 1988. Inkatchena magalasi akuda ndi jekete lachikopa, pena ikuimba saxophone, pena ikusewera pool, ndudu ili pakamwa. M'mapaketi munkabwera timapepala tooneka ngati ndalama, ta Camel Cash, timene ukatiunjika unkasinthanitsa ndi malaya kapena chipewa chokhala ndi nkhope ya ngamirayo. Kampaniyo inkakanitsitsa kwa mtuwagalu kuti sikusaka ana, ati ikungofuna kukopa akuluakulu osuta fodya wa makampani ena. Koma bambo amene wasuta mtundu umodzi zaka 20 sasintha chifukwa cha katuni, ndipo ambiri osuta amayamba asanakwanitse zaka 18. Eni malondawo izi ankazidziwa bwino.

Si kuti lamulo kunalibe. Kuyambira mu January 1971, kutsatsa ndudu pa wailesi ndi pa TV kunali koletsedwa. Ndalamazo zinangosamukira pa zikwangwani za m'misewu, m'magazini ndi ku mipikisano ya magalimoto.

Ngamira inagwa mu July 1997, bungwe la boma loona za malonda la Federal Trade Commission litaimba kampaniyo mlandu. Chaka chotsatira, maboma 46 a m'dzikolo anasainirana pangano ndi makampani akuluakulu a fodya: alipire ndalama pafupifupi madola 206 biliyoni m'zaka 25, asiye makatuni, agwetse zikwangwani. Mu 2009 Barack Obama anasaina lamulo loletsa ndudu zokometsedwa ndi fungo la zipatso kapena maswiti, ngakhale za menthol zinapulumuka.

Pasanathe zaka khumi, nkhani ija inabwerera itavala zina. Juul, kachipangizo kosutira kooneka ngati flash disk, inatuluka mu 2015 ndi makomedwe monga a zipatso, n'kufalikira pa Instagram, kumene pangano la 1998 silinkafika. Aphunzitsi anayamba kukapeza m'zimbudzi za sukulu za sekondale. Mu 2019 dzikolo linakweza zaka zogulira fodya kufika pa 21, ndipo mu 2022 Juul inavomera kulipira madola 438.5 miliyoni ku maboma oposa 30 pa nkhani yotsatsa kwa achinyamata.

Australia inasankha kulanda paketi yeniyeniyo. Kuyambira mu December 2012, ndudu zonse kumeneko zimagulitsidwa m'mapaketi a mtundu umodzi wosakopa maso, okhala ndi zithunzi za matenda, dzina la fodya n'kulembedwa m'zilembo wamba. Makampani anathamangira kukhoti koma anagonja.

Kuno kwathu nkhaniyi ndi yovuta kuitchula mokweza, pakuti fodya wa bale amene amagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo ndi ku Limbe ndi amene amakathera m'ndudu za makampani oterewa, ndipo ndi amene amabweretsa ndalama zakunja zambiri. Komabe mu 2023 Malawi inalowa m'pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta fodya. Gawo 13 la panganolo limafuna kuti kutsatsa fodya kuletsedwe. Gawo 16, limene sitilikamba kawirikawiri, limapempha maiko kuti ayesetse kuletsa kugulitsa ndudu imodziimodzi, chifukwa mtengo wake ngakhale mwana amaukwanitsa. Pa okala iliyonse m'makwalalamu paketi imakhala yotsegula kale pambali pa maswiti ndi machesi, ndipo kawirikawiri wobwera ndi ndalama m'manja ndi mwana amene watumidwa ndi bambo ake.