Kuseri kwa pepala la zotsatira za Sitandade 8

Bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a Sitandade 8, funso limene limamveka pazipata za sukulu ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri ndi limodzi: "Wasankhidwira kuti?" Kukhoza kokha amakhoza ambiri, koma malo a Fomu 1 ndi ochepa. Ana owerengeka amapita ku sukulu ngati Blantyre Secondary School, ena ku Chichiri, Soche Hill kapena Ndirande Hill, ambiri ku sekondale zoyendera za CDSS, ndipo otsala amabwerera kunyumba opanda kolowera.

Pepala la mayina likamatidwa pawindo la ofesi ya ahedi, anthu amaunjikana n'kumatsata ndi chala. Pofika madzulo lokeshoni yonse imakhala itagamula kale kuti sukulu iyi ndi yabwino, iyo ndi ya aphunzitsi aulesi. Chigamulo chotere chimandipweteka mtima, chifukwa pepalalo limawerenga ana okhawo amene anapirira mpaka Sitandade 8. Amene anatsalira panjira salembedwapo.

Kuti muwaone anawo, lowani m'kalasi ya Sitandade 1 m'mawa. Ana akhala pansi, mawondo kugundana, kope lili pamwendo. Mphunzitsi akafuna kufika kumbuyo amachita kudumpha miyendo. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'makalasi aang'ono a m'malokeshoni kupeza ana opitirira 100 si chachilendo. Kuitana mayina kokha kumadya nthawi ya phunziro, ndiye kuchonga makope kukhale bwanji? Pachikwama cha mwana aliyense, kapena m'jumbo imene wanyamuliramo makope, muli kapu ya pulasitiki. Ndi ya phala la Likuni limene amayi odzipereka amaphika mbandakucha, thandizo la bungwe la Mary's Meals lomwe linayamba ntchito yake m'Malawi muno mu 2002. Aphunzitsi amadziwa bwino kuti kwa ana ena, phalalo ndiye chakudya choyamba ndipo china adzachiona usiku.

Kuthithikana kumeneku kunayamba kalekale. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi litathetsa fizi ya kupulayimale, chiwerengero cha ophunzira m'dziko muno chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino kwambiri, koma zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Ku Blantyre vutoli limakula chifukwa anthu akubwerabe kudzafuna ntchito, pomwe malo omangapo zipinda zatsopano m'malo ngati Ndirande anatha. N'chifukwa chake sukulu zina zimaphunzitsa mosinthana, ena m'mawa ena masana.

Nanga anawa ndi a yani? Ndi ana a mavenda a mumsika wa Ndirande ndi wa Limbe, a alonda, a amayi ochapa zovala m'mayadi, a abambo amene amalawira kukadikira ganyu kumafakitale a ku Makata. Ambiri amakhala m'nyumba za lendi, ndipo landilodi akakweza mtengo banja limasamuka pakati pa teremu, mwana n'kukayambira pena. Ena angobwera kumene kuchokera ku Mulanje, Mangochi kapena Nsanje kudzakhala ndi azakhali, kwawo amalankhula Chiyao, Chisena kapena Chilomwe. Wa zaka 6 amakhala pambali pa wa zaka 10 amene anachedwa kuyamba kapena wabwereza kawiri. Kholo limene lili ndi kangachepe limachotsa mwana wake kupita naye ku pulayiveti. Sukulu ya boma ilibe mwayi wosankha ana, imalandira aliyense wofika pakhomo, ndipo kuifanizira ndi sukulu yolipira popanda kuganizira zimenezi n'kulakwira aphunzitsi ake.

Pamene ana ambiri amagwera ndi pa Sitandade 5. Kumunsi aphunzitsi amafotokoza zinthu m'Chichewa, koma kuyambira apa mabuku ndi mayeso zimafuna Chingerezi, ndipo pa mayeso a Sitandade 8 (PSLCE) mapepala onse kupatula la Chichewa amalembedwa m'Chingerezi. Mwana amene anadutsa makalasi anayi atabisala pakati pa anzake 100, osadziwa kuwerenga bwinobwino, amaonekera poyera. Amabwereza, amachita manyazi ndi msinkhu wake, kenako mumamupeza akugulitsa majumbo kapena madzi ozizira pasiteji ya minibasi. Ndondomeko ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, inabwera kudzalimbana ndi vuto lomweli la kuwerenga m'makalasi oyamba, koma buku labwino limafunabe mphunzitsi woti amvetsere mwana aliyense akuwerenga.

Tisaiwalenso masiku amene anatayika. Mu Marichi 2020 sukulu zinatsekedwa kwa miyezi yambiri chifukwa cha Covid-19. Mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, ndipo mu Marichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagumula nyumba ku Chilobwe, Manja ndi madera ena, makalasi n'kusanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Mwana amene anayamba Sitandade 1 mu 2019 anakumana ndi zonsezi asanafike Sitandade 5.

Ziwerengero zoti zitiuze zoona zilipo kale m'marejisitala, ndipo ahedi amazitumiza kwa alangizi a sukulu za pulayimale (PEA). Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, komiti ya sukulu ipemphe kuti pambali pa pepala la MANEB pamatidwenso lina losonyeza kuti gulu lolemba mayesolo linali ndi ana angati ku Sitandade 1, anyamata angati, atsikana angati, amene anasamuka ndi angati, ndipo amene anangosiya ali kuti. A mother group amawadziwa ambiri mwa ana amenewa ndi nyumba zimene amakhala, ndipo ena mwa iwo akadali a msinkhu woti n'kubwerera m'kalasi teremu ikubwerayi.