Zinthu 8 zimene osewera magemu ku Tsangano ndi ku Macanga sauzidwa za TV yawo

Kachewere akagulitsidwa ku Tsangano, kapena ndalama za fodya zikalowa ku Macanga, timashopu ta magemu sitikhala ndi benchi yopanda munthu. Pa Ntengo-wa-Mbalame, pa Biriwiri, mpaka ku Furancungo, mpira wa pa PlayStation umaseweredwa ngati pali chikho. Ndipo wogonja sasowa chonena. "Padi iyi njakutha, akulu." Wina amaloza jenereta, wina sola. Kawirikawiri wolakwa weniweni amakhala ali phee pakhoma, anthu onse akumuyang'ana koma osamukayikira.

1. TV sionetsa chinthu choyenda. Imangoonetsa zithunzi zoima, chimodzi pambuyo pa chinzake, ndipo chilichonse imachijambula mzere ndi mzere kuyambira pamwamba kutsika pansi. Sikirini yolembedwa 60 Hz imachita zimenezi ka 60 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chimakhalapo mamilisekondi 16.7 okha. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi. Ya 144 Hz imatenga 6.9, ya 240 Hz 4.2. Nkhani yonse ili m'manambala aang'onowa.

2. Chithunzi chikang'ambika pakati, TV sinafe. Mwina munaonapo: kamera ya gemu ikutsatira mpira mothamanga, kenako mzati wa golo ukuoneka wodukiza, theka la pamwamba lili patsogolo pang'ono, la pansi latsalira. Chimene chachitika n'chakuti makina a gemu atumiza chithunzi chatsopano TV isanamalize kujambula chakale, ndiye imangopitiriza ndi chatsopanocho pamene inalekezera. Zili ngati telala amene walumikiza zidutswa ziwiri za chitenje chimodzi koma maluwa ake osakumana pamsoko. Palibe waya wotha, ndipo wokonza mawailesi amene angakulipiritseni pa vuto limeneli wangokudyerani ndalama.

3. Mankhwala akale a kung'ambikako amabweretsa matenda ena. Njira yotchedwa V-Sync imauza makina kuti asatumize chithunzi mpaka TV itamaliza chimene ikujambula. Msoko umatha ndithu. Koma chithunzi chodikirira ndi chithunzi chochedwa, ndiye chala chanu chimadina batani pano, wosewera wanu n'kumenya mpira pambuyo pake. Choipa kwambiri chimabwera makina akalephera kumaliza chithunzi mu nthawi yake, ngakhale atachedwa pang'onong'ono: TV imabwereza chakale, ndipo chimene chinayenera kukhala mamilisekondi 16.7 chimakhala 33.3. Gemu imene imayenda pa zithunzi 60 imagwa pa 30 mwadzidzidzi, n'kuyamba kudodoma. N'chifukwa chake ambiri amene amasewera mipikisano ya ndalama pa kompyuta amathimitsa V-Sync, n'kulolera kuona msoko bola batani limve msanga.

4. Magetsi a dziko ndi amene anasankha liwiro la magemu a makolo athu. Makina a ku Cahora Bassa, pa Songo, amapanga magetsi osinthasintha ka 50 pa sekondi, monganso a ku Malawi, ku South Africa ndi ku Ulaya konse. Ku America ndi 60. Pamene wailesi ya kanema inkayamba, akatswiri anamangirira liwiro la zithunzi ku liwiro la magetsi kuti pagalasi pasamayende mizere, motero kunabadwa mabanja awiri akuluakulu: PAL wa 50, amene Mozambiki ndi anansi ake anatsatira, ndi NTSC wa 60. Magemu ambiri ankapangidwa ku Japan ndi ku America poyembekezera 60, ndipo powatumiza kumaiko a PAL makampani ena sankavutika n'kuwakonza. Sonic the Hedgehog wa 1991 ankathamanga pang'onopang'ono ndi 17 peresenti pa makina a PAL, nyimbo zake zomwe zikukokeka. Wosewera wa ku Brazil, amene timalankhula naye Chipwitikizi chimodzi, ankasewera pa 60 chifukwa magetsi akwawo ndi a 60. Koma tisanamizire jenereta lero. TV zopyapyala za masiku ano zili ndi wotchi yakeyake mkati, sizitsatiranso kugunda kwa magetsi. Jenereta yofooka ikhoza kuthimitsa TV kapena kuiotcha, koma siingachedwetse pasi yanu.

5. TV yakale ya chimsana, ija anthu akuitaya kuseri kwa nyumba, imamva batani msanga kuposa zambiri zatsopano zochokera ku Joni. Ilibe poti n'kusungira chithunzi. Chimene chalowa pa waya chimawala pagalasi nthawi yomweyo. Umboni wake ndi gemu ya Nintendo yowombera abakha, Duck Hunt, ya 1984. Munthu akakoka mfuti yake yapulasitiki, galasi lonse limada kwa chithunzi chimodzi, chotsatira n'kuonetsa kabokosi koyera pamene pali bakha, ndipo kadiso ka m'mfutimo kamaona ngati kaloza poyerapo. Pa TV yopyapyala mfutiyo siigwira ntchito, chifukwa kabokosiko kamafika nthawi itadutsa kale. Amene akadali ndi PlayStation 2, makina a chaka cha 2000 amene anagulitsidwa oposa 150 miliyoni, amve izi. Magemu ake ambiri amatumiza chithunzi m'magawo awiri, mizere yodumphadumpha kaye kenako yotsalayo. TV ya chimsana inapangidwira zomwezo. Yopyapyala imayamba yasonkhanitsa magawowo, n'kukulitsa chithunzi kuti chidzaze galasi, ndipo zonsezi zimadya nthawi. Chithunzi chimatuluka chambuu, batani likuchedwa. Mwini shopu amene wachotsa chimsana n'kuikapo yaikulu yopyapyala pa PlayStation 2 yomweyo wakongoletsa shopu, koma mpira waubweza m'mbuyo.

6. "1ms" yolembedwa pakatoni si kuchedwa kwa batani. Ndi nthawi imene kadontho kamodzi ka pagalasi kamatenga kusintha mtundu. Kuchedwa kwa batani opanga salemba pakatoni kawirikawiri.

7. Kuchedwa kwakukulu kumachoka ndi rimoti, osalipira ngakhale metikali imodzi. TV yatsopano imagwira chithunzi chilichonse n'kuchikometsera: kuwalitsa mitundu, kuchotsa timadontho, ndiponso kupeka zithunzi zake zoika pakati pa zenizeni kuti kuyenda kuoneke kosalala. Samsung amatcha zimenezi Auto Motion Plus, LG TruMotion, Sony Motionflow. Kuti ipeke chithunzi chapakati, TV iyenera kudikira chotsatira chifike kaye, ndiye pa ma TV ena kuchedwa kumapitirira mamilisekondi 100, zithunzi 6 zathunthu. Munthu wabwinobwino amatenga pafupifupi kota ya sekondi kuti aone chinthu n'kudina. Muonjezerepo 100 ija, mupeza chifukwa chake goloboyi wanu amagwa mpira uli kale mu ukonde. Mu zosankha za chithunzi muli malo olembedwa Game Mode, kapena Modo Jogo ngati TV ili pa Chipwitikizi. Mukayatsa pamenepo zokometsera zija zimaima, ndipo pa ma TV ambiri atsopano kuchedwa kumatsika kufika pakati pa 10 ndi 20. Mitundu imafifia pang'ono, ena n'kudandaula kuti TV yachepa kukongola; asiyeni, aone zigoli. Ngakhale opanga mafilimu amadana nako kusalaza kumeneku: mu December 2018 katswiri wa mafilimu Tom Cruise anajambulitsa uthenga wopempha anthu kuti azikuthimitsa poonera filimu kunyumba. Koma dziwani kuti Modo Jogo sachiza netiweki. Ngati mukusewera eFootball pa intaneti ya Movitel kapena Vodacom ndi munthu wa ku Maputo, kuchedwa kwa ulendo wa uthengawo ndi nkhani ina, rimoti siingaifike.

8. Yankho lenileni la msoko linafika mu 2013 mokha, ndipo linangotembenuza ulamuliro. Kwa zaka zonsezo makina a gemu ndiwo ankatsatira TV. Mu October chaka chimenecho kampani ya Nvidia inaonetsa G-Sync, imene imachititsa sikirini kudikira makina: chithunzi chikapsa, sikirini imachijambula pomwepo, kaya chafulumira kaya chachedwa. Msoko palibe, kudodoma palibe, ndipo kuchedwa kwa V-Sync kumachepa kwambiri. Vuto linali mtengo, chifukwa sikirini iliyonse inkafunika kachipangizo ka Nvidia mkati. Kampani ina, AMD, inayankha ndi FreeSync mu 2015, yosafuna kachipangizo kapadera, yochokera pa nzeru imene inalipo kale m'malaputopu yosungira batire. Mu 2017 muyezo wa HDMI 2.1 unalandira njirayi pa dzina loti VRR, ndipo mu January 2019 Nvidia nayo inagonja n'kulola makadi ake opanga zithunzi m'kompyuta kugwira ndi masikirini a FreeSync. Apa ndi pamene ndalama za kachewere zingatayikire. Kuti zigwire, mbali zonse ziwiri ziyenera kudziwa chinenero chimenechi, sikirini ndi makina omwe. Xbox One S ndi Xbox One X zinalandira FreeSync mu 2018. PlayStation 5 inatuluka mu November 2020 koma VRR inaipeza mu April 2022. PlayStation 4, PlayStation 3 ndi PlayStation 2 zilibe, ndipo palibe imene imatulutsa zithunzi zoposa 60 pa sekondi pa TV. Wogulitsa ku Tete kapena ku Lilongwe akakuonetsani sikirini ya 144 Hz yolembedwa G-Sync, inu muli ndi PlayStation 4 ku Furancungo, mudzalipira liwiro limene makina anu sadzalifika. Ndalamayo gulirani mapadi awiri abwino ndi batire ya sola, ndipo madzulo ano, anyamata asanayambe mkangano, tengani rimoti muyatse Modo Jogo.